Njinga Zodwala Lachisanu

Kuseri kwa msika wa ku Ulongwe kuli kamsewu kafumbi komwe mabaraka ogulitsiramo mowa anapanikizana khoma ndi khoma, iliyonse ndi chimkuzamawu chake cholunjika kwa inzake. Dzuwa likangopendeka nyimbo zimayamba kulimbana, utsi wa nyama yootcha n'kumakwera, ndipo amuna aulemu wawo amayamba kukumbukira kuti ali ndi kantchito kumsika. Tsidya lina la kamsewuko, pansi pa mtengo wa bulugamu, pali ofisina ya a Victorino okonza njinga: nsanamira zinayi, malata atatu, bokosi la zitsulo ndi beseni la madzi akuda lofufuzira pamene chubu chabooka.

Ntchitoyi a Victorino anaiphunzira ku Dedza m'zaka zothawa nkhondo, kwa mkulu wina amene ankaphunzitsa ndi mbama. Anabwerera kwawo mu 1993 atanyamula mphasa pamutu, kiyi womangira masipoko ali m'thumba, akazi awo a Angélica akutsatira pambuyo. Gudumu ngakhale lipindike chotani, iwo ankaliwongola mpaka lizizungulira osagwedezeka n'pang'ono pomwe, ndipo akatero ankaliyang'ana nthawi yaitali, kumwetulira okhaokha. Anthu ankawatchula kuti mestre, kutanthauza katswiri wa ntchito, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa la ubatizo. Mowa sankamwa. Anaulawa kamodzi, unawasanzitsa pamaso pa apongozi, n'kusiyana nawo tsiku lomwelo. Iwo ankawayang'ana anthu a m'mabaraka ndi chisoni cha munthu amene akudziwa kuti iye malo ake kumwamba anakonzedwa kale.

Tsono ku Ulongwe njinga ya munthu imadziwika kuposa nkhope yake. Nkhope ukhoza kuibisa m'chipewa, koma chishalo chokutidwa ndi nsanza yofiira, kapena kaliyala wowotcherera kawiri, aliyense angakuuze mwini wake, mudzi wakwawo ndi mpingo umene amapemphera. Kuimika njinga pakhomo pa baraka n'chimodzimodzi kukadzilengeza wekha m'tchalitchi. Amene anapeza mankhwala a vutoli ndi a Elísio, mphunzitsi, munthu wophunzira kwambiri. Lachisanu lina anafika pa ofisina n'kuigadamiza njinga yawo, magudumu m'mwamba, monga imagonera njinga yoti ikonzedwe.

"Yatani, apurofesori?" anafunsa a Victorino.

"Sinatani, mestre. Ingogona choncho. Wina akafunsa, muziti mukuiona."

Atatero anasiya kangachepe pabokosi la zitsulo, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka msewu.

Sabata yotsatira zinagona zitatu. Pofika nyengo yokumba kachewere, pamene alimi a ku Domwe ndi a ku Fonte Boa amakhala ndi kena kake m'thumba, zinkagona mpaka makumi awiri: ya mkulu wa kwaya, ya mlembi wa mu ofesi ina, ngakhale ya m'busa wa kampingo kena koletsa mowa ndi fodya. Njinga zamoto zitabwera panali kavuto, poti yamoto siigadamizika, koma a Victorino ankangoyala chiguduli cha mafuta pansi pake n'kuponyapo sipanala.

Ankagawanso matenda. Munthu akamabwera kudzatenga njinga yake, miyendo ikukana kumvera, iwo ankamuuza chokanena kunyumba: "Lero ndi tcheni. Musanene chubu, chubu munanena sabata yatha." Zonsezi ankazisunga m'mutu, ndipo sanasokonezepo. Koma manja awo sankatha kungokhala. Eni ake ali tsidyalo kukangana za mpira, iwo ankathira njingazo mafuta, kumanga masipoko olefuka, kukonza mabuleki, kotero kuti njinga zodwalazo ndi zimene zinali zamoyo kwambiri m'Angónia monse. Zinayenda choncho kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Tsiku lina a Angélica anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi a tchalitchi nkhope itagwa. Gulu lawo linali litalandira njinga khumi ndi ziwiri zoyendera odwala m'midzi, ndipo pankafunika mmisiri mmodzi woti azizisamalira.

"Ndinatchula dzina lanu," anatero a Angélica.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anaseka. Mayi Inácia, atsogoleri athu aja, akuti njinga ya amuna awo yakhala ikubwera kwa inu Lachisanu lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi, mpaka lero sinachire. Ena onse n'kuyamba kuwonjezera zawo. Akuti azipereka kwa a Vasco."

A Victorino sanadye tsiku limenelo. Vasco anali munthu wowongola gudumu ndi mwala, munthu womata chubu m'mawa, masana n'kumatuka. Zinawapweteka kwambiri. Ntchito yophonyekayo sankaidandaula; chimene chinawabaya n'chakuti m'midzi yonse yozungulira Fonte Boa, m'nyumba iliyonse muli mkazi amene amakhulupirira kuti Victorino satha kukonza njinga. Dzina limene analiwongola zaka makumi atatu linali litapindika iwo osadziwa.

Lachisanu lotsatira, dzuwa likadali pamwamba, anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anapukuta manja, anawoloka msewu, n'kulowa m'baraka ya Dona Vanda, yaikulu pa onse, ya nyali zobiriwira zoyaka ndi usana womwe. M'katimo munali a Elísio, amene tsopano anali ndi imvi, ndi a Bonifácio, amuna a mayi Inácia, mlimi wa kachewere amene Lamlungu amawerenga mawu a Mulungu kutsogolo kwa mpingo. Anthu atawaona, phokoso linatha. Wina anabisa botolo la mowa wa serveja kunsi kwa tebulo, kenako n'kukumbukira kuti awa ndi mestre, n'kulibweza.

"Ndabwera kudzapempha chinthu chimodzi," anatero a Victorino. "Mmodzi wa inu akauze amayi aja kuti njinga zanu sizinadwalepo. Dzina langa laipa chifukwa cha inu."

A Elísio anakonza kukhosi. "Mestre, nkhaniyi ndi yofunika kuiona modekha. Tonse tili muno tikudziwa kuti ndinu mmisiri weniweni. Tikhoza kukulemberani deklarasau, kalata ya umboni, tonse n'kusaina."

"Yoti ikawerengedwe kwa amayi?"

"Iyayi, yoti musunge m'bokosi lanu. Mukakhumudwa muziiwerenga."

Ena anagwedeza mitu kuvomereza kuti amenewo ndi maganizo a munthu wophunzira. A Victorino anatembenukira kwa a Bonifácio.

"Achimwene, mukufuna ndikagone m'khola la nkhumba?" anatero a Bonifácio. "Akazi anga mukuwadziwa inu? Zisiyeni izo, amayi amayankhula, mawa aiwala. Tandiuzani, lero ndikanene chiyani, tcheni kapena chubu?"

Funso limenelo ndi limene linawamaliza. Anatuluka panja. Pansi pa bulugamu panali njinga zisanu ndi zinayi, miyendo m'mwamba ngati nkhuku zososoledwa pamsika. Anatenga ya a Bonifácio, anaitembenuza, anaifufuza pena paliponse kuti mwina apeze chokonza, koma panalibe. Anaikwera n'kulowera njira ya ku Fonte Boa, kwawo kwa mwini njingayo.

Njingayo inkayenda mopanda phokoso, ndipo pa chikweza chilichonse mtima wawo unkawauza kuti lero choonadi chituluka. Anadutsa minda ya kachewere yokumbidwa kale, matumba ataunjikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole a ku Tete. Anthu ankaizindikira njingayo, n'kudabwa ndi woikwera.

Mayi Inácia anawapeza pabwalo akupeta nyemba. Anali mayi wamfupi, wa maso osaphethira msanga. Analonjerana bwinobwino, kufunsana za kunyumba ndi za chisanu cha chaka chino, kenako a Victorino anaimika njinga ija patsogolo pawo.

"Ndabweretsa njinga, mayi. Ili bwino. Kunena zoona, sinadwalepo, lero kapena tsiku lina lililonse. Eni ake ali kwa Dona Vanda."

Anadikira kuti lichero ligwe pansi. Silinagwe. Mayiwo anauzira mankhusu, anachotsa kamwala m'nyembamo, n'kuwakankhira mpando.

"Khalani pansi, mestre. Kodi mumationa ngati ana? Njinga yodwala Lachisanu lokhalokha, ikafika nyengo ya kachewere n'kumadwala kawiri pa sabata? Munthu wochokera kokonzetsa tcheni amanunkha mafuta. Awa amanunkha serveja."

"Ndiye mumadziwa?"

"Chaka choyamba chomwe."

"Nanga dzina langa munaliseka bwanji pamaso pa akazi anga?"

Mayi Inácia anaika lichero pambali. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana inu kuti ndisatukwane bambo wa ana anga pamaso pa anawo. Akafika ndimati, 'Victorino ameneyo ndi munthu wachabechabe, wopanda manyazi, tsiku lina adzagwera m'ngalande.' Iwo amamva amene ndikumunena, amaweramitsa mutu, timagona. Si ine ndekha. M'mudzi muno nyumba zambiri zaima chifukwa cha dzina lanu. Zoti mumatha ntchito, ndani sadziwa? Njinga iyi Lolemba ndimakwera ndine kupita kuchigayo nditasenzetsa matumba awiri, sinandivutepo."

A Victorino anamva kutentha m'maso. Anali asanayamikiridwepo chonchi, ndipo anasangalala ngati mwana.

"Ndiye kuti njinga za amayi zija..."

"Ayi."

"Mwangonena nokha kuti ndimatha."

"Tangoganizani, mestre. Njinga khumi ndi ziwiri za amayi a tchalitchi zitagadama pansi pa bulugamu uja, moyang'anizana ndi baraka ya Dona Vanda. Mawa lake Ulongwe yense adzati chiyani? Pamalo panu njinga ikagadama, aliyense amadziwa kumene kuli mwini wake. A Vasco ndi mmisiri woipa, koma kwawo njinga ikagona ndiye kuti yadwaladi."

 Mayiwo anaimirira, n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Komanso mwandipatsa ntchito. Nyemba zanga ndimafuna ndimalize lero. Tsopano mudzi wonse wakuonani mukubwera ndi njingayi mwini wake palibe, sindingathenso kunamizira kusadziwa. Ndiyenera kukakwiya."

Anaikwera njinga ija n'kulowera ku Ulongwe, osafunsa n'komwe kuti mestre abwerera bwanji.

Anabwerera wapansi. Njira imene anaidutsa ngati mphepo popita inatalika, ndipo anali ndi nthawi yokwanira yoganiza. Anakumbukira chisoni chija chimene ankayang'ana nacho anthu akumwa, iwo ali chikhalire pabokosi lawo la zitsulo, oyera, osanunkha. Zaka khumi ndi chimodzi ankadziyesa wosunga chinsinsi cha tawuni yonse, pamene chinsinsicho chinkadziwika ndi aliyense wodutsa. Mabaraka ena ali ndi zikwangwani zolembedwa ndi penti. Chikwangwani cha Dona Vanda chinali ofisina yawo. Anachita manyazi, manyazi amene sanawamveponso chiyambire tsiku lija la pamaso pa apongozi.

Zimene zinachitika kwa Dona Vanda madzulo amenewo anangomva kwa ena. Akuti mayi Inácia anaimika njinga pakhomo penipeni, chiimire, n'kulowa. Akuti m'busa wa kampingo kaja anatulukira pawindo, ndipo a Elísio anayesa kufotokoza kuti nkhaniyi ndi yofunika kuiona modekha, koma sanamalize.

Lachisanu lotsatira pansi pa bulugamu panalibe njinga ndi imodzi yomwe. Mabaraka anadzaza monga mwa nthawi zonse, nyimbo zikulimbana. Amuna aulemu wawo anali atapeza kale malo ena oikako njinga, kuseri kwa chigayo. A Victorino anasesa pamalo pawo, anatsuka beseni, anayala masipanala motsatana kukula kwake. Mumtima anati palibe kanthu, kuyambira lero njinga yogona pano izikhala yodwaladi.

Loweruka m'mawa kunabwera a Alcides, mlimi wachikulire wa ku Domwe, mkulu wa mpingo amene pakamwa pake sipanadutsepo ngakhale thobwa losasa. Ankakankha njinga yogundidwa ndi ngolo, gudumu lakumbuyo litapindika, masipoko atatu atathyoka. Inali ntchito yeniyeni, yoyenera mestre. A Victorino anapukuta manja mokondwa, anagwira chishalo ndi chiwongolero kuti aitembenuze.

Dzanja la mkuluyo linawagwira pamkono.

"Pepani mestre, musaigadamize," ananong'ona a Alcides, maso ali kumsika. "Ikonzeni ili chiimire. Akazi anga ali mumsikamu, adutsa pompano."

 A Victorino anatulutsa kiyi wawo wa ku Dedza m'thumba, anagwada pafumbi, anapinda khosi kunsi kwa kaliyala, n'kuyamba kumasula sipoko yoyamba.