Wailesi ya Adada Pansi pa Chitenje

Ndikukumbukira chaka chimene adada anamwalira. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwathu ku Misuku. Anagwa pa njinga yamoto pochokera ku Boma, tsiku la chifunga.

Adada anali ndi wailesi yakale ya makaseti. Makaseti atasowa, anagula ku Tunduma kachipangizo ka bulutufu, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ankakalumikiza kumbuyo kwa wailesi, nyimbo za m'foni mwawo n'kumatulukira m'masipika popanda waya. Foniyo ikayandikira, kankalira kawiri, ti-ti, n'kuyaka kagetsi kabuluu.

Kwathu katundu wa womwalira sagwiritsidwa ntchito mpaka abale atakhala pansi n'kugawa. Adada aakulu, mkulu wawo wa adada, anachotsa mawaya ku batire ya sola, n'kuphimba wailesi ndi chitenje. Foni anapita nayo kwawo, kutsidya kwa mtsinje. Anali munthu wouma mtima. Pamaliro sanagwetse msozi.

"Pasapezeke wokhudza apa," anatero akuyang'ana ine.

Ndinakhudza. Patatha milungu iwiri ndinabwezera mawaya aja. Sindinkafuna nyimbo. Ndinkangofuna kuona kagetsi kaja kakuphethira ngati kale. Nditamva amama akubwera, ndinaphimba msanga osachotsa mawaya.

Mawa lake masana chifunga chinatsika mpaka pakhomo. Nthochi za kuseri kwa nyumba, kumene kuli manda a adada, sizinkaoneka. Ine ndi amama tinali pabalaza, tikusankha nyemba. Pansi pa chitenje panalira ti-ti. Kenako mawu a adada, ndi kakhosomoledwe kawo komwe.

"Ndanyamuka. Chifunga chachuluka, koma ndifika."

Lichero linagwa. Nyemba zinagubuduka mpaka kukhomo. Amama sanakuwe. Anangoyang'ana chitseko, ngati akudikira kuti chitseguke.

Ndikanatha kuchotsa mawaya tsiku lomwelo. Ndinaopa. Foni inali kutali, kutsidya. Ndinaganiza kuti ndawadzutsa ndine, ndipo ndikakhudzanso andigwira dzanja. Ndinaopanso ndodo. Za mawaya ndinabisa.

Zinachitikanso Lachisanu, n'kuchitikanso Lolemba. Nthawi zonse masana, mawu omwewo. Amama anasiya kudya. Chitenje sankachiyandikira, posesa ankachilambalala.

"Mwina sakudziwa kuti anafa," anandiuza. "Kapena sakutifuna muno. Ambokile, longedza zovala. Tikupita kwathu ku Wenya."

"Nanga khofi, amama?"

"Zidye mbalame."

Khofi anali atafiira m'munda monse. Kumeneko n'kumene kunkachokera chakudya chathu ndi sukulu yanga. Ndinadziwa kuti tikachoka, munda utengedwa ndi ena. Komabe ndinangolongedza zovala.

Tsiku lonyamuka amama anandituma kukamasula mbuzi kuseri. Chifunga chinali chonyowetsa, masamba a nthochi akudontha. Pafupi ndi manda ndinaona munthu ataima, wandifulatira. Msinkhu wa adada. Mapewa a adada.

Munthuyo anakweza dzanja kukhutu. M'nyumba munalira ti-ti.

"Ndanyamuka. Chifunga chachuluka, koma ndifika."

Anatembenuka. Anali adada aakulu, foni ya malemu ili m'manja. Nkhope yonse inali misozi.

"Wamva, iwe?" ananong'ona. "Kwanga amayankhulira m'foni. Ndikafika pano amachokamo, amakalowa m'nyumba mwake."

Anandiuza mwachidule. Unali uthenga wa mawu umene adada anajambula tsiku lomaliza lija, kuti upite kwa mkulu wawoyo. Netiweki kunalibe, sunapite. Anaupeza m'foni maliro atatha. Ankabwera mobisa kudzaumvera pamanda, chifukwa foniyo nawonso sankayenera kuiyatsa. Mawu akatulukira m'nyumba, ankathawa. Patapita masiku ankabweranso.

Pamenepo ndinamvetsa. Manda ndi pabalaza zatalikirana mapazi ochepa chabe. Foni inkapeza kachipangizo kake n'kutumiza mawu kumeneko, monga inkachitira adada ali moyo.

"Ndinabwezera mawaya ndine," ndinatero.

Ndinadikira khofu. Silinabwere. Anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Mbava ziwiri," anatero. "Tiye. Uyambe ndiwe."

Tinapeza amama ataima panja, mtolo uli kale pamutu. Ndinanena zanga. Adada aakulu ananena zawo, maso ali pansi. Amama anatula mtolo pang'onopang'ono.

"Inu alamu, woika lamulo uja, nanunso?"

"Nanenso, mulamu."

Analowa m'nyumba, n'kuvundukula chitenje okha. Kagetsi kanali kakuyaka. Anakhala pampando wa adada.

"Ikaninso," anatero. "Ndimve ndikudziwa kumene akuchokera."

Anamvera mpaka kumapeto. Kenako anachotsa mawaya ndi manja awo. Ku Wenya sitinapite. Chilango changa chinali kutchola ndekha khofi wa m'mizere ya kumunsi, kotsetsereka, milungu itatu. Tsiku lachiwiri ndinapeza adada aakulu ali kale mumzere ndi dengu lawo.

Lero ndimagwira ntchito ku Chitipa Boma. Ndimalumikiza tizipangizo tomweti m'maminibasi, m'ma TV akale ndi m'mawailesi. Ndikamaliza ndimauza mwini wake chinthu chimodzi: kameneka sikaiwala foni imene kanaidziwa, ndiye auze onse a m'nyumba. Ena amaseka.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti adada sanativutitse. Tinavutitsa amama ndife awiri, wina atabisa mawaya, wina atabisa misozi. Nyumba inatsala pang'ono kutha chifukwa mwana ankaopa ndodo ndipo mkulu ankaopa manyazi.

Zonsezi ndimazidziwa bwino, ndi ntchito yanga. Komabe kukagwa chifunga, kachipangizo n'kulira ti-ti pa benchi langa, ndimayamba ndayang'ana kuchitseko.