Moni Wanga Wautali pa Foni ya a Nabanda

Ena kumsika wa Chifunde akunena kuti ndinapita ku Mualadzi kukakangana ndi namwino amene ananyoza Chinyanja changa. Nkhaniyo siili choncho, ndipo ndiilongosola mwa ndondomeko yake.

Mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Tete, anakonza pulogalamu yotumiza mauthenga m'mafoni, okumbutsa amayi tsiku la katemera wa ana. Popeza ndinali mphunzitsi kwa zaka zambiri, anandipempha kuti ndimasulire mauthengawo kuchokera m'Chipwitikizi. Patapita miyezi iwiri, namwino wa ku Mualadzi anadandaula kuti amayi akuphonya masiku, pomwe chikuku chamveka kale m'midzi yoyandikana.

Ndinanyamuka Lachiwiri dzuwa lisanatuluke, panjinga yamoto imene kuno timati mota, mpaka pamsewu waukulu. Chapa, minibasi yopita ku Cassacatiza, inafika itadzaza kale. Wolandira ndalama anandikhazika pathumba la mchere, nati ndiwo mpando wa akuluakulu. Pamphambano ndinamwa tiyi ndi mbatata yootcha, kenaka ndinakwera mota ina, ndipo fumbi linafiiritsa malaya anga oyera.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Namwino sanakangane nane. Anangoitana a Nabanda, mayi wobereka mwana wa miyezi isanu ndi inayi, amene anali atayenda kawiri kuchokera kumudzi kwawo mongoyerekeza tsiku, n'kubwerera mwana wosabayidwa. Anandipatsa kafoni kawo ka mabatani, ndipo ndinawerenga mawu anga: "Moni mayi. Tikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi banja lanu lonse. Tikukupemphani mwaulemu waukulu kuti mukumbukire kubwera ndi mwana wanu kuchipatala pa". Uthenga unathera pamenepo. Pulogalamuyo imadula zilembo zikapitirira muyeso wake. Chipwitikizi chinkakwana, koma ine ndinaonjezera moni, poona kuti munthu sayamba nkhani ndi mayi asanamlonjere.

Ndinafunsa a Nabanda chimene ankachita akalandira uthengawo.

"Ndinkayankha kuti tadzuka bwino, kaya inu anzathu."

Ndinapepesa, koma ndinati uthenga wopanda moni ndi mwano. Iwo anakweza mwana kumsana, nati: "Aphunzitsi, tiuzeni tsiku basi. Moni tidzapatsana tikafika kuno."

Ndinakhala pabenchi n'kulemba mauthenga onse khumi ndi awiri mwatsopano, tsiku patsogolo, ndipo namwino anawatumiza ku Tete. A Nabanda anagona kwa abale awo pafupi, ndipo m'mawa mwake mwana anabayidwa ine ndikuona. Analira mokwanira. Pambuyo pake ndinawapatsa mayi ake moni wonse uja pakamwa, osadulidwa.

Zimene ulendowu unadya ndi izi:

Mota zinayi: meticali 900
Chapa, kupita ndi kubwera: 500
Tiyi ndi mbatata: 40
Malo ogona: kwaulere, kwa akatekisita
Sopo wochapira malaya: 35
Moni wanga: mawu khumi ndi amodzi pa uthenga uliwonse