Chikhothi cha Mabulangete

Ndikukumbukira khonde la sitolo ina pa boma la Mangochi pamene ababa ankasokera. Pankanunkhira mafuta a makina ndi nsalu zatsopano, makamaka za chipani zimene azimayi ankadzasoketsa magule akayandikira.

Chaka china achemwali anga, a Asiyatu, anali atakhoza bwino sekondale. Aphunzitsi awo, a Gondwe ochokera kumpoto, anaona m'nyuzipepala mwayi wokaphunzira unamwino ku Ulaya mwaulere. Anawathandiza kulemba zonse, kunangotsala kuti kholo lisayine. Ababa anakanitsitsa.

"Nkhuku azikamuzingira ndani kumeneko? Ramadhani azikafunga ndi ndani?"

Achemwali ankangokalirira kuseri kwa bafa. Tsiku lotumiza mapepala linali pafupi, ndipo pakhomo panalibenso woseka.

A Gondwe anabwera pakhonde paja ngati odzafupikitsa buluku, koma bulukulo linalibe vuto. Analankhula mpaka kukamwa kuuma. Ababa anangofunsa chimodzi: "Kuzizira kwake kumafika pati?"

"Madzi amauma ngati mwala, bambo."

Mawa lake ababa anagula mabulangete awiri ochindikala, n'kundiitana. Ndinali wamng'ono koma wotalika, mapewa ofanana ndi a achemwali. Anandikuta, n'kuyamba kulemba ndi choko. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kwathu ngakhale mbuzi sizichoka pamthunzi. Thukuta linkatsikira mpaka m'zidendene, ubweya ukundiyabwa m'khosi. Ndinkangoti ndi chilango, ndipo ndinkafufuza mumtima chimene ndinalakwa.

"Che Saidi, mwanayu akudwala malungo?" anafunsa wogulitsa usipa wina, ataimitsa njinga. Ababa, mapini ali kukamwa, anangopitiriza kulemba ndi choko.

Chimene chinatuluka pamakinapo chinali chikhothi cholemera ngati thumba la chimanga, chofika m'akakolo. Ababa, munthu amene anali asanavalepo ngakhale juzi, anasoka mongoganizira. Anapita nacho kunyumba, n'kuchiika pamiyendo pa achemwali.

"Tayesa. Ukatero ubweretse mapepala aja."

Achemwali anachivala dzuwa likuswa mtengo, n'kukana kuchivula.

Masiku ano ana anga amafunsira mwayi wotere pafoni, ndipo majekete ali mbwee pakaunjika. Ndimakondwera nawo, koma ndimawasowa ababa. Achemwali anabwerako ababa atatisiya kale. M'sutikesi mwawo munali zovala zokongola za kunja, koma pamwamba penipeni panali chikhothi chija, chitaperepeseka m'zigongono.