Chipewa cha Achimwene ku Itepela

Achimwene anga ali ndi mutu waukulu, ndipo sindikunena mwachipongwe, poti eni ake amavomera. Tili ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo, chipewa chilichonse cha pakaunjika chinkangowakhala pamwamba ngati chivindikiro cha mphika wina. Titabwerera kuno kwathu, iwo anapita ku Cuamba kukaphunzira kukonza mawailesi kwa mdala wina amene kale ankagwira ntchito kunjanji, ndipo kumeneko anapeza chipewa cha mlaza chowakwana. Sankachivula ngakhale pakudya. Ine ndinatsala ndi amayi ku Mandimba, tikulima ndi kugulitsa mchere pamsika.

Pakati pa achimwene ndi ine panali mwana wina, wamkazi. Ine sindinamuone, poti ndinabadwira kutsidya. Anamwalira ndi malungo panjira yothawa, atangoyamba kumene kuyenda, ndipo abambo ndi amayi anamuika m'thengo cha ku Itepela, mwachangu, pokumba ndi khasu lopanda mpini. Abambo anatisiya tisanabwerere. Wodziwa malowo anatsala mmodzi, ndiye amayi, ndipo miyendo yawo inayamba kutupa, maso nawo akuchita nkhungu. Chaka chilichonse ankati tipita tikakolola, tikakolola n'kupezeka china chotitsekereza. Chaka china anasintha kalankhulidwe. Anati, "Mundiperekeze chilimwe chino. Ndikapita osakusonyezani, mwana uja palibe adzamusesere."

Achimwene amadzidziwa. Kutchire amasochera ngakhale apatuke pang'ono kukataya madzi, ndipo kuwasonyeza mtengo ndi chulu kuti akumbukire n'kudzivuta chabe. Ine ndiye ndinkasochera kuposa pamenepo. Koma iwo anali ataona anthu ochotsa mabomba okwirira akuyenda ndi timakina tonena malo enieni amene munthu waima, ndipo anati apanga kawo. Masiku amenewo mafoni athu anali oimbira ndi kuunikira usiku basi.

Kachipangizo kake anakapeza mu lole yonyamula thonje imene inagubuduka n'kugulitsidwa ngati zitsulo. Mwini wake ankailondola nako kuti adziwe kumene dalaivala wapita. Kanali kochepera bokosi la machesi, pamwamba pake pali kambale koyera kamakona anayi, kamene anati ndiye khutu lake. Ankakatcha modulu. Mnzawo wina anawabweretsera pa sitima kuchokera ku Nampula kabolodi kokhala ndi ubongo wake, ndi kagalasi kolembapo manambala. Ntchito inali yolumikiza zitatuzi kuti zimvane.

Ndinapita ku Cuamba kukaoda mchere, n'kuwapeza ali m'kati mwa ntchitoyi. Anandikhazika pa wailesi yakufa n'kuyamba kundiphunzitsa, ine osapempha.

"Mawaya ndi anayi okha, mlongo wanga. Uwu wa moto, uwu wa pansi, uwu wolankhula, uwu womvera. Mwana wa sukulu angathe."

"Nanga bwanji pagalasipo palibe kanthu?"

"Kakuganiza kaye."

Kanaganiza mpaka ine ndinagula mchere, ndinamangitsa, ndinabwerera pomwe anali. Mdala uja ndiye anadzasuzumira ndi magalasi ake, naona kuti achimwene alumikiza waya wolankhula wa modulu ku waya wolankhula wa kabolodi, womvera kwa womvera. Zinkalankhula zonse nthawi imodzi popanda womva, ngati azakhali athu awiri akakumana pamaliro. Atapingasa mawaya aja, pagalasi panatuluka timizere ndi tizilembo topanda mutu. Achimwene anati n'chizindikiro chabwino. Zinapezeka kuti modulu kankalankhula pang'onopang'ono pamene kabolodi kankamvetsera mothamanga, ndipo atakonza liwiro lake, zilembo zinayamba kuoneka zaumunthu. Koma pamalo pa manambala a malo panali zipumiro zokhazokha.

Apa ndiye anafika pokwiya. Anatukwana lole, anatukwana wogulitsa zitsulo, anafika mpaka kwa dalaivala amene anaigubuduza. Kenaka ananyamula zonse kuti akazitaye kudzala kuseri kwa ofisina, nyumba yawo yokonzeramo mawailesi. Ali panja, mayi wina anawaimitsa kufunsa za wailesi yake, ndipo mayi ameneyo sankadziwa kufupikitsa nkhani. Akuyankha choncho, kagetsi ka pa modulu kanayamba kuphethira. Vuto linali denga la malata. Kachipangizoka kamamvera masatelite amene amayenda kumwamba, ndipo kamafuna thambo loyera ndi munthu wodekha. Achimwene anabwerera m'nyumba akuyenda ngati kuti anatulukira dala.

Madzulo ake tinakabwereka buku la mapu kwa mphunzitsi woyandikana nawo kuti tione ngati manambala akunena zoona. Achimwene anayendetsa chala chimodzi chopingasa, china chokwera, ndipo zinakumana m'chipululu cha dziko lina kutali kumpoto. Ndinawafunsa ngati tiyambe kuweta ngamila. Anali ataiwala kuuza kabolodi kuti ife tili kumwera kwa mzere wodula dziko pakati. Chilembo chimodzi chokha. Atachikonza, zala zinakumana pa Cuamba, ndipo ndinasangalala kuposa mmene ndinafunira kuwasonyeza.

Chinatsala n'choti khutu lija lizikhala loyang'ana kumwamba ulendo wonse, pamene manja ali pa chiwongolero cha njinga. Apa mpamene mutu waukulu unagwira ntchito. Anasokera modulu pamwamba pa chipewa chawo ndi ulusi wa nsapato, mawaya n'kudutsa kuseri kwa khutu, kulowa m'kolala, mpaka m'thumba la malaya mmene munali kabokosi ka sopo kosunga kabolodi, kagalasi ndi bateriya. Anaika kabatani kamodzi, kakuti akakadina, malo aja asungike m'kati. Atafika ku Mandimba atavala zimenezi, amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwana wanga, kumene ukukhalako kulibe anthu oti n'kukuuza?"

"Amayi, ichi chikulankhula ndi kumwamba."

"Chabwino. Koma pamsika usadutse nane."

Tinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, yopita cha ku Ngauma, njinga ziwiri zili pamwamba, ndipo achimwene anakhala atapinda khosi kuti chipewa chisagunde denga. Titatsika, amayi anakhala pa kaliyala ya njinga ya achimwene, ine pambuyo ndi madzi ndi tsache. Amayi ankalondola njira ndi mapiri ndi makhwawa, poti midzi yonse inali yatsopano kwa iwo. Pena tinkabwerera. Achimwene ankangotulutsa kabokosi kawo n'kulengeza kuti akudziwa bwino lomwe pamene tili. Amayi anati, "Pamene tili ndikupaona ndekha, ndi pano. Funso ndi kumene tikupita." Tinaseka, koma ine mtima unali m'mwamba. Ndinkaona mmene amayi ankatsinzinira poyang'ana phiri, ndipo ndinaopa kuti tachedwa nawo ulendowu.

Dzuwa litapendeka tinafika pamunda wa chinangwa, m'munsi mwa thanthwe long'ambika pakati. Amayi anati tiime. Anatsika okha, osadikira kugwiridwa. Pakati pa mundawo panali kachitsamba ka mitengo ya masuku kosadulidwa, ndi chulu chakale pambali. Mwini munda, bambo wachikulire wolankhula Chiyao chosakaniza ndi chathu, anabwera ndi khasu lake. Titamufotokozera, anati polima koyamba anapeza miyala yondandalikidwa ndi manja a munthu, ndipo anasiya mitengo yonse yozungulira osaikhudza, ngakhale sankadziwa wagonapo. Amayi anamuombera m'manja nthawi yaitali.

Tikulowa m'kachitsambako, bambo uja anakhosomola n'kuyang'ana mutu wa achimwene. Achimwene anachita ngati sanaone. Amayi anatembenuka.

"Vula chipewa."

"Amayi, ndikavula sichimva."

"Ukulowa kwa mlongo wako utavala chipewa? Ndinakulera ine kapena anakulera wina?"

Anavula, n'kuchigwirira pamimba monga amachitira amuna onse pamanda. Khutu lija linayang'ana m'nthiti mwawo, pamwamba pali masamba, ndipo kagetsi kanasiya kuphethira. Anadikira. Palibe. Anayesa kuchinyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi, koma waya unali waufupi, ndipo amayi anati atsitse mkono, pano si pamsika potsatsa malonda. Anaganiza zokadina batani kunja kwa mitengo, m'chinangwa, koma chinangwa chimazulidwa, munda umasintha mwini, ndipo amene tinabwerera sanagone m'chinangwa. Ndinaona achimwene thukuta likutsika m'khosi. Ntchito yawo yonse inali itafika pamalo pake n'kukanika chifukwa cha ulemu, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri moti sindinawaseke.

Amayi anali atagwada kale, akupapasa miyala ndi manja m'masamba ouma. Anafunsa osatembenuka, "Chimafuna chiyani kwenikweni chinthu chakocho?"

"Chikhale pamwamba, chiyang'ane kumwamba, chisagwedezeke."

"Basi? Bwera nacho. Mkazi savula kumutu pamanda."

Ndinati ndivale ine, koma anakana, nati iwo ndiwo akudziwa kumene kuli mutu wa mwana. Anaimirira movutikira, nasuntha pang'ono pamene nthambi zinasiya mpata, n'kuvala chipewa cha mlaza pamwamba pa duku. Chinawamira mpaka m'nsidze. Poti waya unali waufupi, achimwene anaima mowerama pambali pawo, mutu uli mbee, kabokosi ka sopo kali m'manja pafupi ndi phewa la amayi. Mwini munda anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Ine ndinadziluma mlomo.

"Musagwedezeke, amayi."

"Ndamva. Iwe ndiwe ukunjenjemera."

Kachipangizo kaja sikachita changu kakataya masatelite ake, ndipo tinaima nthawi ndithu. M'kudikira kumeneko amayi anayamba kulankhula motsitsa, khosi lili chilili. Anauza mwanayo kuti abwera, kuti anachedwa chifukwa cha miyendo, kuti bambo ake anatsogola kale mwina anaonana. Anati wamutu waukuluyu ndi mchimwene wake yemwe uja ankamulanda chinangwa, ndipo uyo wa tsacheyo ndi mng'ono wake amene sanamuone. Kuseka kunandithera. Ndinali ndisanatchulidwepo mng'ono wa munthu, ndipo ndinalira.

Kagetsi kanaphethira. Achimwene anadikira kuti manambala akhazikike, nadina batani, nadinanso kachiwiri ndi kachitatu mosafunikira. Amayi anafunsa ngati a kumwambako tsopano amuona mwanayo. Achimwene akanatha kungovomera, koma pa zamawaya sanama. Anati zinthu zimenezo siziona munthu, zimangoulutsa nthawi, ndipo kabokosika kamamvera n'kuwerengera kokha pamene kali. Anawonjeza kuti pansi pa mitengo chotere kakhoza kuphonya pang'ono, mwina kutalika kwa nyumba.

"Ndiye kuti odziwa ndi inu nokha awiri?"

"Ife tokha, amayi."

"Zili bwino. Ndimafuna inuyo. Chotsa chinthu chako, chikundiyabwa."

Amayi sanayendenso ulendo wautali. Anamwalira mvula yachiwiri itadutsa, ndipo tinawaika ku Mandimba. Chilimwe chotsatira achimwene ndi ine tinabwerera ku Itepela ndi thumba la simenti pa njinga. Tinapeza mwini munda uja atasamuka, moto wolusa utadutsa, masuku atagwa n'kutoledwa nkhuni, chulu chitagumulidwa ndi oumba njerwa. Paliponse panali udzu wopserera wofanana. Tikanabwera ndi maso okha tikanabwerera. Achimwene anayenda uku ndi uku akuyang'ana kagalasi mpaka manambala anafanana ndi osungidwa aja, naima. Pansi panalibe mwala uliwonse. Anati ndi pano, kapena apo, kapena cha apo, nazunguliza dzanja.

Tinagwada n'kuyamba kupapasa m'phulusa, wina uku wina uku. Miyala inali yambiri, ndipo sitinathe kudziwa yoikidwa ndi abambo ndi yongogwera kuchokera kuthanthwe. Achimwene anayamba kupepesa, akuti akanaika khutu lalikulupo, akanadikira nthawi yaitali. Ndinawauza kuti atonthole, agwire khasu. Simenti tinaipereka kwa mayi wa munda woyandikana, kuti tisamange pamalo olakwika.

Tinalambula malo onse amene dzanja la achimwene linazungulira, n'kuwonjezera pang'ono mbali zonse kuopa kumusiya kunja. Tinandandalika miyala m'mphepete, ine n'kusesa m'kati monse. Titamaliza tinaima kumbali kuyang'ana. Linali bwalo lokwana banja lathunthu, la mwana amene amayi anamukulunga m'theka la nsalu. Timapitako chaka ndi chaka, ndipo timasesa lonse.