Chaka chimene ndinaonda ku Chawama

Ku Chawama ndinkadziwika ndi vitumbuwa. Ndinkakazingira pakhomo, pambaula ya makala, n'kukagulitsa pamsika pafupi ndi pokwerera mabasi. Chikasweka kapena kupserera sindinkataya ayi, chinkalowa m'kamwa mwanga, n'kutsitsira tiyi wa shuga wambiri. Pakamwa sipankapuma. Nditabereka mwana wachitatu, chitenje chimodzi chinaleka kundikwana.

Anthu ankandiyamikira. Amuna anga, amene ankayendetsa lole ya kampani ina ya matabwa, ankanditsogoza popita kutchalitchi kuti aliyense aone mmene akusungira mkazi. Mlongo wawo wamkulu, alamu anga a ku Matero, ankanditsina pamkono n'kumati, "Apa ndiye pali ukwati, osati vija vouma." Palibe ankaona kuti madzulo mapazi ankatupa mpaka nsapato kukana, kapena kuti ndikawerama kutsuka mbale m'mutu munkagunda.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, nthawi ya mizere. Sopo mzere, shuga mzere, mafuta ophikira mzere. Tsiku lina ndinaima pamzere wa mafuta dzuwa lili paliwombo, botolo langa lili m'manja. Ndinaona duku la mayi wa patsogolo panga likugawika pawiri, kenako mdima. Ndinatsitsimuka ndili pansi, anthu akundikupiza ndi zitenje, mzere utandipitirira.

Kukiliniki namwino anandimanga lamba pamkono, kupopa, n'kupukusa mutu.

"Amayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mumadya chiyani?"

Ndinawauza zonse.

"Mankhwala ndikupatsani, koma thupi ili mulichepetse. Pa mafuta, shuga ndi mchere bwezani dzanja. Masamba, nyemba, tinsomba ta kapenta, zimenezo musaope. Ndipo muziyenda."

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi ukali, osati mantha. Mayi anga kwathu ku Katete analima mpaka imvi osagwapo pagulu, ndiye ine wa m'tauni ndizigwa ngati thumba la ufa? Kuseri kwa nyumba, pomwe tinkataya madzi otsukira mbale, ndinabzala chibwabwa ndi kalembula, masamba a maungu ndi a mbatata aja kwathu timati nkhwani ndi kholowa. Bonongwe anamera yekha. Ndinasiya ufa woyera n'kuyamba kugula wa mgaiwa, umene m'komboni mwathu mwa Chawama ankati ndi wa amphawi. M'ndiwo munalowa nsinjiro m'malo mwa mafuta. Vitumbuwa ndinkakazingabe, koma vosweka ndinkapatsa ana a pamsika.

Amuna anga atavundukula mbale tsiku loyamba anandiyang'ana.

"Kodi munakwatiwa ndi mbuzi?"

"Nyama yanu iyo, ndakazinga monga mwa masiku onse. Mbale iyi ndi yanga."

Miyezi itapita mapazi anaphwa. Ndinayamba kupita wapansi kumsika waukulu wa m'tauni, n'kubwerako nditasenza ufa wa tirigu osaima panjira kupuma. Namwino uja atandipimanso anaseka, nati ndipitirize. Madiresi ndinkachita kubweza ndi singano.

Koma zaka zimenezo ndi zomwe matenda atsopano aja anayamba kulowa m'nyumba za anthu. Ankawatcha kaliondeonde. Munthu ukangoonda, mlandu wako unkakhala utagamulidwa kale, nanji ine mkazi wa dalaivala wa lole. Ogula vitumbuwa anayamba kundidutsa akuyang'ana kumbali. Pampopi ndikafika nkhani zinkaduka, ndowa n'kumasendezedwa kutali ndi yanga. Mwana wanga wamkazi anabwera kusukulu akulira, anzake atamuuza kuti amayi ake safika Khirisimasi.

Lamlungu lina alamu anatulukira atanyamula buledi, majarini ndi nkhuku yamoyo. Anakhala pampando, amuna anga ali pambali.

"Mulamu, anthu akamba vinthu," anatero. "Dzina la m'bale wanga lanunkha mpaka ku Matero. Idyani, mubwerere mwakale, anthu atseke pakamwa."

"Alamu, tsiku lija ndinagwa pamzere wa mafuta, anthuwo anali kuti?"

"Musandiyankhe choncho. Mkazi wa pabanja amaoneka ndi thupi."

"Thupi ili wolinyamula ndine. Likalemera salithandiza munthu, ndipo ndikafa nalo anthuwo adzangobwera kudzadya nyemba pamaliro. Nkhuku ndalandira, zikomo. Koma kunenepa kuti a pampopi agone tulo, ayi."

Amuna anga ankangoyang'ana pansi. Nkhukuyo ndinaipha, ndinaiphika, ndinapereka mogwada monga mwa ulemu wake. Ine ndinatenga nthuli imodzi, kuchotsa chikopa, n'kudyera chibwabwa changa iwo akuona. Alamu ananyamuka dzuwa lisanapendeke, osatsanzika bwino.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munali mtsikana amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, kwa anthu olemera. Iyeyo ndiye ankadwaladi. Mabwana ake anamuchotsa, ndipo azakhali ake omwe ankakhala nawo ankamusiyira chakudya pakhomo la chipinda, m'mbale yakeyake, ngati galu. Ndinkamumva akutsokomola kuseri kwa khoma. Ndinati popeza anthu andiika kale m'gulu lake, ndilowe ndithu.

Ndinkamuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nthawi zina kapenta wosinja wa m'matimati, ndi mapapaya akapezeka. Ndinkamutulutsa panja, kuyala mphasa pamthunzi wa mtengo wa mango, pomwe pankadutsa aliyense wopita kumpopi, n'kudya naye pamodzi masanasana.

Mayi wina anaima ndowa ili pamutu.

"Imwe, simuopa?"

"Paja munati ndili nako kale. Ndiope chiyani?"

Anachoka madzi akutayikira pamsana. Mtsikanayo anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Aka kanali koyamba kumumva akuseka.

Phala silinamuchiritse, ndipo sindinamunamizepo kuti limuchiritsa. Koma analandirako masiku amene ankatha kukhala tsonga n'kuluka tsitsi la mwana wanga, akumuuza za nyumba za kumayadi zokhala ndi zimbudzi m'kati. Anamwalira mvula isanathe. Azakhali ake anaopa kumusambitsa, ndiye tinamusambitsa ine ndi mayi mmodzi wachikulire wa kumpingo kwathu.

Panalibe galimoto yonyamula bokosi. Amuna a m'komboni anali ataima patali, manja m'matumba, aliyense akudikira mnzake. Kenako tinamva lole ikulira pakona, ikuvutika ndi matope. Anali amuna anga. Sanandiuze kuti akapempha loleyo kuntchito. Anatsika, natsegula kumbuyo, nagwira okha mbali imodzi ya bokosi.

"Nanga mukuyang'ana chiyani?" anawafunsa amuna oima patali aja. "Gwirani uko."

Anagwira.