Vitz ya Bambo Anga pa Galaja ya ku Mirrabooka

Ndikukumbukira Loweruka limene ndinawalanda ntchito bambo anga ndi pakamwa panga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinali titangotha chaka ku Balga. Ku Lilongwe bambo anali makaniko wodalirika, woti akangomva kulira kwa injini ankadziwa pamene pali vuto. Kuno ku Perth ankakolopa m'maofesi. Tsono mkulu wa mpingo wathu atawapezera mwayi wokayesedwa ntchito pa galaja ina ku Mirrabooka, anasita ovolosi yawo mosamala ngati suti. Amayi anali kuntchito, motero bambo ananditenga.

M'galajamo munkanunkha oyilo ndi matayala otentha. Mwini wake, mzungu wa manja akuda ndi girizi, analoza kagalimoto kotsegula boneti, nafunsa ngati bambo ankakadziwa.

"Kwambiri," anayankha bambo m'Chingerezi chawo chodekha. "Iyi ndi Vitz. Ndakonzapo zambirimbiri."

Mzunguyo anakwinya nkhope. Ine ndinali nditawerenga kale dzina kumbuyo kwa galimotoyo, ndipo manyazi anandigwira. Ndinalankhula mokweza, m'Chingerezi chosalala cha kusukulu: "Ndi Yaris, adadi, zalembedwa kumbuyoku. Muwakhululukire, bwana, kwathu kulibe magalimoto otere."

Sindinkadziwa ngati analiko kapena kunalibe. Ndinkangofuna kuti mzunguyo asatiseke. Anaseka ndithu, nandiyamikira kuti ndine mtsikana wochenjera, kenaka anauza bambo kuti adzawaimbira foni. Sanawalole kugwira ngakhale sipanala.

Pamalo odikirira basi bambo sanandikalipire. Anangoloza galimoto imene inkadutsa.

"Mwanawe, iyo yalembedwa chiyani?"

"Jazz."

"Kwathu ndi Fit. Nanga yaikulu yakalekale iyo?"

"4Runner."

"Kwathu ndi Surf. Ajapani amaipatsa galimoto dzina la kwawo, n'kuipatsanso lina ikamakagulitsidwa kunja ili yatsopano. Ife timagula zimene iwo ayendera kale, ndiye zimabwera ndi mayina a kwawoko. Mkatimo ndi chimodzimodzi. Zimenezi ndi zimene ndimati ndimuuze bwana uja, koma unandidula pakamwa."

Kenaka basi inaonekera. Ndipo akudzuka anati, "Tsiku limene unabadwa, amayi ako ndinathamangira nawo kuchipatala pa Vitz."

Foni ija sinabwere. Patapita miyezi bambo anapereka bokosi lawo la masipanala kwa mnyamata wina wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, ndipo mpaka lero akukolopabe. Za magalimoto salankhulanso, ngakhale ndiwafunse mwaulemu wotani.

Tsopano ndili ku koleji, ndipo ndinawerenga ndekha mbiri ya mayina amenewa. Zonse zimene ananena pamalo a basi paja n'zoona, ndipo zimandiwawa kuti ndinayamba ndazipeza m'mabuku ndisanawakhulupirire kwathunthu. Mzungu uja anangokayika chabe, ndipo bambo akanatha kumuyankha ndi manja awo pa injini. Amene anachitira umboni wakuti sadziwa kanthu ndi mwana wawo yemwe. Mzunguyo anandikhulupirira ine chifukwa Chingerezi changa chinkamveka ngati chake, pamene munthu yekhayo wodziwa mayina onse awiri m'galajamo anaima pambali, manja ali m'thumba la ovolosi yositasita.