Motoka ya Atate pa Msewu wa ku Ndola

Atate anagula motoka ufulu utangobwera kumene. Anaigula kwa mzungu wina wa ku mgodi amene ankalongedza katundu kubwerera kwawo. Inali yakale, yobiriwira, chitseko chakumbuyo chovuta kutseka, koma tsiku limene anafika nayo kwathu ku Bulangililo anthu anatuluka m'nyumba ngati kwabwera nduna. Atate anali atayendetsa malole a mgodi ku Kitwe kuyambira ine ndisanabadwe. Atapuma pa ntchito anati tsopano agwire chiwongolero chawochawo, chopanda kapitawo wowauza kolowera.

Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndikuphunzitsa pa sukulu ina ku Ndola, ndipo kwathu ndinkabwera masabata ena. Zaka zoyamba zinayenda bwino. Kenaka ndinayamba kuona zinthu. Ulendo wina ndinapeza mzati wa pa geti utapendekeka. Ulendo wina beseni la anzathu oyandikana nawo litaphwanyika, amayi atawapatsa lathu mwakachetechete. Ndikafunsa, yankho linalipo kale: mzati unali wofumbwa, beseni analiika panjira.

Choonadi ndinachidziwa Lamulungu lina tikupita ku Misa. Ndinakhala kumbuyo, amayi kutsogolo. Njira yonse amayi ankalankhula chapansipansi, maso ali pamsewu.

"Kuli njinga kumanzere, Bambo. Mwana uyo akufuna kuwoloka. Chepetsani, pali dzenje."

Manja ndi mapazi a atate ankamvera mawu alionse. Ndinayang'ana nkhope yawo pa kagalasi ndipo ndinaona akutsinzinira, khosi litatalika ngati munthu wosuzumira m'chitsime.

Titabwerera ndinawatsatira amayi kuseri kwa nyumba kumene ankayanika zovala.

"Amayi, atate saona."

"Amaona."

"Nanga mumawauziranji zonse zija?"

"Timacheza chabe. Usayambe nkhani imeneyi, mwana wanga. Ukawalanda motoka udzawapatsa chiyani?"

Ndinapita kwa achimwene, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi ndipo ankakhala ku Ndeke. Anandimvera akupukuta nsapato, kenaka anati munthu amene anawaphunzitsa iwo kusintha magiya sangamuuze kuti atsike. Ndinapita kwa mkulu wina wa mpingo, mnzawo wa atate wochokera kumudzi kumodzi kum'mawa. Iye anagwedeza mutu mwachisoni, nalonjeza kuti alankhula nawo. Lamulungu lotsatira ndinamuona atakhala kumbuyo kwa motoka ija, chipewa chili pamaondo, akumwetulira. Maliro onse ndi maukwati onse a anthu akwathu ankadalira motokayo, ndiye ndani akanafuna kuti iime?

Ndinawanyengerera atate mpaka anavomera kupita kuchipatala, poganiza kuti akawapatsa magalasi. Dokotala anawaunika m'maso nati muli ng'ala, ndipo kuyendetsa aleke kufikira atawachita opaleshoni. Ndinali pompo, ndinamva ndi makutu anga. Titatuluka atate anatulutsa makiyi m'thumba.

"Atate, simunamve?"

"Ndamva. Kamwana kaja kanayendetsapo lole ya matani angati?"

"Nkhani si ya lole. Ndi ya maso."

"Msewu suli m'maso, iwe, uli muno," anatero akugogoda pamphumi. "Ukwera kapena uyenda pansi?"

Ndinayenda pansi mpaka kokwerera basi, ndikulira ndi mkwiyo, iwo akundidutsa pang'onopang'ono, matayala awiri ali kunja kwa tala.

Koma msewu umene unali m'mutu mwawo unali wakale. Masiku amenewo mkuwa unali pamtengo wabwino, ndipo msewu wa pakati pa Kitwe ndi Ndola unadzaza. Malole a mkuwa ankatsatana, mabasi, matakisi, anyamata a ku mgodi amene anali atangogula motoka zawo zoyamba, ndipo m'mbali njinga zosenza makala. Atate ankaudziwa msewuwo pamene munthu ankayenda mtunda wautali osakumana ndi wina.

Mwana wanga wachiwiri atabadwa, atate ndi amayi anabwera ku Ndola ku ubatizo. Ndinawapempha kuti akwere basi, anabwera ndi motoka. Titadya anati akaone azakhali anga ku Chipulukusu, ndipo anachedwa kumeneko. Pobwerera ku Kitwe ndinakwera nawo, chifukwa amayi ankamva chizungulire ndipo ndinaopa kuti sangathe kuyang'ana msewu. Khanda ndinalisiya ndi apongozi.

Wochokera ku Ndola masana atapita amayenda dzuwa likumulasa kumaso. Ine wa maso abwino ndinkatchinga ndi dzanja. Ndinawauza kuti tiime pambali mpaka litsike.

"Ndikuyendetsa ndine."

Amayi anali atatsamira zenera kumbuyo, maso atatseka. Ndinayesa kuchita monga iwo, kutchula zimene ndikuona, koma mawu anga atate sankawafuna. "Khala chete, ukundisokoneza." Lole inatulukira kutsogolo, yayikulu, ikuliza hutala. Atate anathawira kumanzere. Kumanzereko kunali munthu pa njinga, matumba a makala atasanjikizana kumbuyo.

"Njinga, Atate! Njinga!"

Anaponda mabuleki titamugunda kale. Makala anamwazika pagalasi, motoka inatsetsereka n'kukaima mu udzu. Ife tonse tinatuluka amoyo. Munthu uja anali chagada m'ngalande, mwendo utapindika pamalo posapindika, akufuula kuitana amake. Anali bambo wa msinkhu wa achimwene. Anthu anathamanga kuchokera m'tchire ndi m'mabasi, ndipo mayi wina anawaloza atate akufunsa m'Chibemba, "Bashikulu, bushe tamulemona?" Ankafunsa ngati agogowo saona. Atate, amene Chibemba ankachilankhula ngati chawo, anakhala ngati sanamve. Anagwada n'kuyamba kuyang'ana nyali ya motoka imene inasweka.

Woyendetsa lole ina anamunyamula wovulalayo kupita naye kuchipatala. Apolisi atafika anamva za dzuwa, anamva za lole imene inadya mbali yathu, anaona laisensi yakale ndi imvi za atate, ndipo anayamba kuwapepesa. Wa njinga, iwo anati, amayenera kudziwa kuti msewu si wake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za ng'ala, amayi anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. "Ukufuna awamange atate ako?" anandinong'oneza. Wapolisi anali atatembenuka kale.

Ndinakamuona munthu uja kuchipatala kangapo. Mwendo unapola mokhota, ndipo njinga sanakwerenso. Atate sanapiteko. Anatumiza amayi ndi nkhuku yophika, iwo n'kutsala pabwalo kuwongola chitsulo chakutsogolo kwa motoka ndi nyundo. Usanathe mwezi anali pamsewu.

Ndinaleka kubweretsa ana anga ku Bulangililo. Atate ndinawauza chifukwa chake pamaso, ndipo anandiyankha kuti sukulu yandichititsa mwano. Tinakhala nthawi yaitali tikungopatsana moni basi. Opaleshoni anaikana, ati sangalole mpeni m'diso.

Chimene chinawaimitsa sichinali ine, kapena dokotala, kapena mwendo wa munthu uja. Injini inafa yokha m'nyengo ya mvula, ndipo chitsulo chimene chinkafunika sichinkapezekanso m'masitolo a Kitwe ngakhale a Ndola. Motoka inakwera pa njerwa kuseri kwa nyumba. Aliyense wobwera kudzacheza ankauzidwa kuti chitsulo chili m'njira, chikangofika apita kum'mawa kukaona kumudzi.

Atamwalira, pa maliro anaimirira bambo wina amene anagwira nawo ntchito ku mgodi. Anati malemuwa anali dalaivala weniweni, moyo wawo wonse sanachitepo ngozi. Anthu anavomereza, achimwene nawonso anagwedeza mutu. Ine ndinadzuka pakati pa azimayi, ndinapita kumpopi kukatunga madzi amene palibe anandituma, ndipo ndinaima komweko mpaka bamboyo atamaliza kulankhula.